Kodi Salmonella amadziwa bwanji kuti LL-37 yafika?

mwanalabu_BT

Moni nonse akuluakulu a m'gulu muno. Funso langa lili pawiri, lina la m'mutu, lina la pa benchi.

M'mabuku timawerenga kuti thupi lathu limapanga ma peptide, timapuloteni tating'ono topha tizilombo, monga LL-37 ndi ma defensin, ndipo kuti amaboola nembanemba ya bakiteriya. Pamenepo palibe vuto. Koma mabuku omwewo amapitiriza kunena kuti Salmonella, Staphylococcus ndi anzawo amamva kuti ma peptide afika, kenako n'kusintha khungu lawo. Apa m'pamene mutu waima. Kachilombo kopanda mphuno kapena maso kamamva ndi chiyani? Nanga ngati peptide imapha m'mphindi zochepa, nthawi yosinthira khungulo kamaipeza kuti?

Lachiwiri ndi ili. Ndikukonza kafukufuku wamng'ono woyerekeza Salmonella Typhimurium wa mtundu wa ST313, uja amapezeka m'magazi a ana ndi a anthu amene ali ndi HIV kuno ku Blantyre, ndi mtundu wa ST19. Ndikufuna kuona ngati kuwakulitsa kaye m'malo ofanana ndi m'kati mwa macrophage, maselo a chitetezo omeza tizilombo, kumawalimbitsa akakumana ndi LL-37. Ndithandizeni pa medium yoyenera, kuchuluka kwa magnesium, ndi misampha imene ndingagweremo. Peptide ndi yodula, si yoti n'kumangoyesera.

aphunzitsi_micro

A mwanalabu, yambirani pa chaji, zina zonse zimatsatira pambuyo pake.

LL-37 ili ndi ma amino acid 37, awiri oyambirira ndi leucine, ndiye dzinalo. Chaji yake yonse ndi +6. Ikafika pa nembanemba imadzipinda ngati chingwe chopota, mbali imodzi yokonda mafuta, mbali ina yodzaza ndi lysine ndi arginine. Kunja kwa Salmonella kuli LPS (lipopolysaccharide, mafuta olumikizana ndi shuga okuta khungu lake), ndipo tsinde la LPS, lija timati lipid A, lili ndi ma phosphate awiri a chaji ya negativu. Zinthu za negativu zokhazokha zimakankhana, choncho chimene chimagwirizanitsa LPS imodzi ndi inzake ndi magnesium ndi calcium okhala pakati ngati timilatho. Peptide ikabwera imachotsa timilathoti, n'kukhala pamalo pake, n'kudzitsegulira njira yolowera m'kati.

Tsono taonani mmene mlonda wa Salmonella anapangidwira. PhoQ ndi puloteni yokhala mu nembanemba yamkati, mutu wake uli mu periplasm, mpata uja wa pakati pa nembanemba ziwiri. Mutuwo uli ndi nkhope yodzaza aspartate ndi glutamate, negativu yokhayokha, ndipo nkhopeyo yayang'anizana ndi nembanemba imenenso ndi ya negativu. Chowagwirizanitsa ndi timilatho tomwe tija ta magnesium ndi calcium. Timilathoti tikakhalapo, PhoQ imakhala chete, ndipo imachita kuchotsa phosphate pa mnzake PhoP. Peptide ikalowa mu periplasm n'kukankha magnesium, mutu wa PhoQ umasuntha, kusunthako kumadutsa nembanemba kukafika m'kati mwa selo, PhoQ imatenga phosphate ku ATP n'kuika pa histidine yake, kenako n'kupatsira aspartate ya PhoP. PhoP yokhala ndi phosphate imakagwira DNA n'kutsegula ma gene ambirimbiri. Ndikulemba gene dala, chifukwa ndikalemba majini ena ayamba kuganiza za mizimu. Kuti peptide imadzutsa PhoQ mwa njira imeneyi anaonetsa ndi a gulu la Samuel Miller ku Seattle mu 2005.

Ndiye yankho la funso lanu loyamba ndi loti bakiteriya amamva peptide ndi chinthu chomwecho chimene peptide imamuphera nacho. Mlondayo ali ndi chofooka chofanana ndi cha mpanda umene akulondera, kungoti iye amagwedezeka msanga mpanda usanagwe.

Za nthawi. Peptide siifika yonse kamodzi pamlingo wakupha. Kutali ndi neutrophil (selo loyera la m'magazi) imene yatulutsa peptide, kapena m'mamina okuta matumbo, mlingo umakhala wochepa, wosakwana kupha koma wokwana kutsina khutu. Komanso PhoQ siimva peptide yokha. Imadzukanso magnesium akachepa, ndiponso pH ikatsika kufika cha m'ma 5 mpaka 5.5, monga zimakhalira m'kathumba kamene macrophage amatsekeramo Salmonella. Asidiyo amakhala atachenjeza kale.

Akamva amatani? PagP ndi enzyme yokhala mu nembanemba yakunja, imawonjezera palmitate, mchira wa ma carbon 16, pa lipid A, michira n'kuchoka pa 6 kufika pa 7, khoma n'kuthinana. Chosangalatsa ndi PagP n'choti palmitate imamutenga ku ma phospholipid amene atulukira kunja chifukwa nembanemba yavulala, ndiye kuvulala komweko n'kumene kumaipatsa zipangizo. PgtE ndi lumo lokhala kunja, limadula ma peptide ena opota ngati chingwe. Koma kusintha kwakukulu kwa chaji kumadzera njira yokhota: PhoP imatsegula pmrD, puloteni ya PmrD imakumbatira PmrA yokhala ndi phosphate kuti phosphate asachotsedwe, ndipo PmrA imatsegula ma gene a arn ndi eptA. Ma gene a arn amapanga shuga wotchedwa L-Ara4N, wa chaji ya pozitivu, n'kumumata pa phosphate imodzi ya lipid A. EptA imamata phosphoethanolamine pa inayo. Negativu ikachepa, peptide imasowa pogwira. PmrA ilinso ndi mlonda wakewake, PmrB, amene amamva ayironi wa Fe3+ ndi asidi, choncho njira imeneyi ikhoza kutseguka PhoQ ili chigonere.

Wina angafunse kuti bwanji osangovala zida zimenezi nthawi zonse. Walira mvula walira matope. PhoP ikatseguka imatseka ma gene olowera m'maselo a matumbo, aja a SPI-1. Dzina la imodzi mwa ma gene amenewa, prgH, likuchokera pamenepo, gene yoponderezedwa ndi PhoP. Kuyambira 1989 zinadziwika kuti Salmonella wopanda phoP sadwalitsa mbewa za mu labu. Chaka chotsatira zinaonekanso kuti amene PhoQ yake ndi yotsegukiratu, uja amatchedwa pho-24, nayenso ndi wofooka. N'chifukwa chake pali buleki: PhoP imatsegulanso mgrB, ndipo kapuloteni ka MgrB, ka ma amino acid 47, kamakagwira PhoQ n'kuiziziritsa. Dzina limeneli mulisunge, limabweranso pa nkhani ya colistin.

Pa ST313 pali chinthu chokukhudzani mwachindunji. D23580, amene ma labu ambiri padziko amagwiritsa ntchito ngati woimira mtunduwu, anachokera m'magazi a mwana kuno ku Blantyre mu 2004. Mu 2018 a gulu la Jay Hinton ku Liverpool anaonetsa kuti kusintha kwa chilembo chimodzi cha DNA pa promoter ya pgtE kumachititsa kuti D23580 azipanga PgtE yambiri kuposa ST19. Samalani powerenga: zimene anaonetsa ndi zoti PgtE yochulukayo imadula factor B wa complement (mapuloteni a m'magazi opha tizilombo) n'kuthandiza bakiteriya kupirira mu seramu. Musalembe m'proposal ngati kuti za LL-37 zinatsimikizika kale pamenepo, limenelo ndiye funso lanu. Kumbukiraninso kuti PgtE imagwira bwino ntchito O-antigen, unyolo wa shuga wa kunsonga kwa LPS, ikakhala yaifupi. Ikakhala yaitali imaphimba lumolo. Salmonella wokulira mu medium wamba ya LB ali ndi O-antigen yaitali, ndiye mukhoza kupeza kuti gene ikuwerengedwa kwambiri koma kudula osaoneka.

dotolo_wa_ana

Aphunzitsi afotokoza bwino za Gram negative, mabakiteriya a nembanemba ziwiri ngati Salmonella, koma ndikuopa kuti owerenga atuluka muno akuganiza kuti bakiteriya akamva peptide amangobisala. Si onse.

Ndiyambe ndi amene amabisaladi. Staphylococcus aureus, wa zithupsa ndi mafinya, alibe nembanemba yakunja kapena lipid A. Negativu yake ili pa ma teichoic acid a m'khoma ndi pa phosphatidylglycerol wa mu nembanemba. Mlonda wake ndi GraS, amene mabuku ena amamutcha ApsS. Mosiyana ndi PhoQ wa mutu waukulu, GraS ali ndi kachingwe kakunja ka ma amino acid 9 okha, ena mwa iwo a negativu, ndipo sagwira ntchito yekha: amafuna GraX m'kati, ndi pampu ya VraFG pambali pake. Uthenga ukafika kwa GraR, ma gene a dltABCD amatseguka n'kumata D-alanine pa teichoic acid, ndipo MprF imamata lysine pa phosphatidylglycerol n'kumutembenuzira kunja kwa nembanemba. Nzeru yake ndi yomwe ija ya Salmonella, kuchepetsa negativu, koma zipangizo ndi zina. Pamwamba pa izo ali ndi aureolysin yodula LL-37, ndi staphylokinase yomanga ma alpha-defensin a neutrophil. Kusintha kwa mprF kumene kumaiwonjezera mphamvu kumapezekanso mwa Staphylococcus amene sakumva daptomycin. Ngakhale kachilombo ka TB kali ndi enzyme yapachibale, LysX, yochita ntchito ya lysine yomweyo.

Tsono Streptococcus wa gulu A, wa zilonda zapakhosi, yemwe uja amasiyira ana athu matenda a mtima a rheumatic. Iyeyu ali ndi CovS ndi CovR, kwina amalemba CsrS ndi CsrR. CovR ikakhala ndi phosphate imakhala chivundikiro, imatsekereza ma gene aukali. Magnesium wambiri amalimbitsa chivundikirocho. LL-37 imachita zosiyana: imakamata pa CovS penipeni, phosphate pa CovR n'kuchepa, chivundikiro n'kutseguka. Zotulukamo ndi kapsulo ya hyaluronic acid yochokera ku hasABC, streptolysin O yoboola maselo athu, SpyCEP yodula IL-8 kuti ma neutrophil asaitanidwe, ndi DNase yodula maukonde a DNA amene neutrophil imatchera. Izi anaonetsa a gulu la Michael Wessels ku Boston mu 2008, ndipo mlingo wa LL-37 wochititsa zimenezi ndi wochepa zedi, cha m'ma 100 nM, kutali kwambiri ndi wakupha. Ma peptide ena a chaji yofanana sachita zimenezi, kusonyeza kuti apa si nkhani ya chaji chabe ayi, CovS imaizindikira LL-37 yeniyeniyo. Kwa kachilomboka LL-37 ndi belu lonena kuti ma neutrophil ali m'njira, ndipo yankho lake ndi kunola mikondo.

Pneumococcus wa chibayo ali ndi khalidwe lina lodabwitsa: akakumana ndi LL-37 amavula mbali ya kapsulo yake pogwiritsa ntchito enzyme ya LytA, kapsulo yovulidwayo imakola peptide, iye n'kumamatira bwino pa maselo a m'njira ya mpweya. Gonococcus wa chinzonono amangoipopera kunja ndi pampu ya MtrCDE, yomwenso imatulutsa azithromycin. Shigella wa kamwazi safuna n'kulimbana nayo komwe, amazimitsa gene ya LL-37 ndi ya beta-defensin 1 m'maselo a matumbo. Izi zinaoneka mwa odwala a ku Bangladesh mu 2001.

Chifukwa chake, a mwanalabu, musayese kufa kokha. Mlingo umene sukupha ukhoza kukhala ukusintha zambiri zimene mbale ya agar singakuuzeni.

mwanalabu_BT

Zikomo aphunzitsi, zikomo adokotala. Za CovS sindinkazidziwa n'komwe. Tsono pa benchi: ndimaganiza zongopanga MIC, kupeza mlingo wochepetsetsa woletsa bakiteriya kukula, mu medium ya Mueller-Hinton pa mbale wamba ya mabowo 96, gulu lina litakulira mu magnesium wochepa, lina mu wambiri. Kodi pamenepo pali cholakwika?

mai_wa_benchi

Chilipo achimwene, ndipo si chimodzi. Mukatero peptide yanu ithera m'makoma a pulasitiki.

Choyamba ndi MIC yeniyeniyo. MIC imatenga maola 16 mpaka 20. M'maola amenewo bakiteriya agawikana kambirimbiri mu medium yatsopano, ndipo lipid A imene anapanga mu magnesium wochepa yasungunuka kale m'mibadwo yotsatira. Mueller-Hinton yokonzedwa ma cation ili ndi magnesium 10 mpaka 12.5 mg pa lita ndi calcium 20 mpaka 25 mg pa lita, ndiye kuti pafupifupi theka la millimolar aliyense. Magulu anu awiri afanana musanawerenge n'komwe. Funso lanu likufuna killing assay, kuwerenga amene apulumuka peptide, ya ola limodzi kapena awiri.

Kakulitsidwe kake ndi aka. Gwiritsani ntchito N-minimal medium. Usiku akulire mu pH 7.7 ndi MgCl2 wa 10 mM, pamene PhoQ ili chete. M'mawa atsukeni katatu ndi medium yopanda magnesium, chifukwa kadontho kotsalira ka 10 mM n'kokwanira kuononga chubu cha 10 µM. Agaweni, 1 pa 50, m'machubu awa: 10 mM pa pH 7.7, 10 µM pa pH 7.7, ndi 10 µM pa pH 5.8. Akule maola pafupifupi anayi, mpaka pakati pa log phase. Ngati mukufunanso kuona peptide ngati chenjezo, onjezerani chubu cha 1 mM pa pH 7.7 chokhala ndi LL-37 yochepa, gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wakupha. Pa 10 mM magnesium amapikisana ndi peptide pa PhoQ ndipo simuona kanthu, pa 10 µM PhoQ yadzuka kale ndipo palibe chowonjezera. N'chifukwa chake 1 mM.

Dziwani kuti 10 µM ya magnesium ndi 0.24 mg pa lita basi. Madzi osasefedwa bwino kapena botolo lagalasi lotsukidwa ndi madzi a pampopi zikhoza kupitirira pamenepo pazokha. Madzi akhale a deionised abwino, machubu akhale apulasitiki atsopano.

Msampha waukulu uli apa: musathire LL-37 m'machubu amene akuliramo. Magnesium wa 10 mM amateteza nembanemba payekha, potchinga malo amene peptide imagwira. Mudzapeza kuti amene PhoQ yawo ili chete ndi amene akupulumuka kwambiri, n'kulemba zotembenuka. Magulu onse atsukidwe n'kuikidwa mu buffer imodzi: sodium phosphate 10 mM, pH 7.4, muli msuzi wa chakudya wa TSB 1 peresenti kuti asafe ndi njala. Mabakiteriya akhale 5 × 10^5 CFU (amoyo otha kumera pa agar) pa mL, ndipo mutsimikize nambalayo pothira pa agar nthawi ya ziro, osangodalira OD, muyeso wa kuvunduka kwa medium, chifukwa magnesium wochepa amasintha kukula kwa maselo. Mukachulutsa mabakiteriya kakhumi, peptide imagawanika pa maselo ambiri ndipo imaoneka yofooka. Ikani pa 37 °C, tengani pa mphindi 30, 60 ndi 120, sungunulani mu saline, thirani pa agar, werengani mawa lake. Gulu lililonse liyerekezedwe ndi chubu chake chopanda peptide.

Za pulasitiki. Ma peptide a pozitivu amamatira pa polystyrene ndi pa galasi. Mbale ndi machubu zikhale za polypropylene. Sungunulirani peptide mu acetic acid 0.01 peresenti wokhala ndi BSA (puloteni ya albumin ya ng'ombe) 0.2 peresenti, pa mlingo wochuluka kakhumi, n'kumathira gawo limodzi pa magawo asanu ndi anayi a mabakiteriya. BSA imadzaza makoma kuti peptide itsale m'madzi. Ngati mwasankha radial diffusion, pansi pakhale agarose osati agar, chifukwa agar ali ndi ma sulfate a negativu amene amakola peptide isanayende.

Masamu a ndalama: LL-37 imalemera pafupifupi 4.5 kDa, ndiye 1 µM ndi 4.5 µg pa mL. Mzere umodzi woyambira pa 64 µg pa mL, kumatsika ndi theka, 100 µL pa bowo, umadya pafupifupi 13 µg. Pa pepala 1 mg ikupatsani mizere yoposa 70. Koma ufa wa m'botolo si peptide yokhayokha, muli madzi ndi mchere wa TFA wotsalira popanga, ndiye onani net peptide content pa satifiketi musanawerengetse. Musayese kuyeza mlingo pa 280 nm, LL-37 ilibe tryptophan kapena tyrosine ndipo makina adzakuuzani kuti mwathira madzi. Mukasungunula gawani m'timachubu ta tsiku limodzi limodzi, kuti magetsi akathima firiza n'kusungunuka musamaumitse ndi kusungunula botolo lonse mobwerezabwereza.

Mchere nawo uli ndi mawu. Beta-defensin 1 ndi 2 amafooka kwambiri pa NaCl wa 150 mM, beta-defensin 3 amapirira, LL-37 ili pakati. Seramu imaifooketsa LL-37 chifukwa imamatira pa ma lipoprotein, pamene bicarbonate imachititsa mabakiteriya ambiri kuti afe msanga nayo. Ndiye polemba zotsatira, nambala yopanda buffer yake ilibe tanthauzo.

Ma control: mutant wopanda phoP, mutant wopanda pmrA, ndi polymyxin B pambali pa LL-37. Polymyxin B ndiyo imaonetsa msanga ngati L-Ara4N wamatidwa. Ngati gulu la magnesium wochepa silikupirira polymyxin B kuposa linzake, vuto lili pa medium yanu, musaononge LL-37. Kuti muone ngati mlonda wadzukadi, RT-qPCR ya pagP, pmrD, mgtA ndi arnB pa mphindi 15, 30 ndi 60 ndi yokwanira. Mukapeza mwayi wa MALDI-TOF yotha kuwerenga negative mode, lipid A wamba amaoneka cha pa m/z 1797. Kuwonjezeka kwa 123 ndi phosphoethanolamine, kwa 131 ndi L-Ara4N, kwa 238 ndi palmitate.

wa_ku_famase

Mai atchula polymyxin B, ndiye ndilowererepo pa mbali ya mankhwala, chifukwa apa m'pamene nkhaniyi imatuluka mu labu n'kulowa mu wodi.

Colistin ndi polymyxin E. Anachokera kwa bakiteriya wa m'dothi, si wa m'thupi mwathu, koma ndi peptide ya pozitivu yogwira lipid A pamalo omwe aja. Choncho zida zimene Gram negative anasula polimbana ndi ma peptide a zamoyo ndi zomwezo amakanira nazo colistin. Mwa Klebsiella pneumoniae njira yofala kwambiri ndi kuthyoka kwa mgrB, buleki imene aphunzitsi anati tiisunge. Kachidutswa ka DNA koyendayenda, insertion sequence, kakagwera pakati pa gene imeneyi, PhoQ imakhala yotseguka usana ndi usiku, L-Ara4N n'kudzaza pa lipid A. Sipafunika plasmid, zimatha kuchitika mwa wodwala mmodzi ali pa mankhwala. Njira ya plasmid ndi mcr-1, imene inalengezedwa ku China kumapeto kwa 2015. Enzyme yake ndi m'bale wa EptA, imamata phosphoethanolamine popanda kudikira mlonda aliyense. Poti Klebsiella ndi E. coli osamva ceftriaxone achuluka m'magazi a odwala kuno kwathu, mankhwala otsalira kumapeto ngati amenewa tiyenera kudziwa kuwayeza molondola.

Ndipo kuyeza kwake kumatsutsana ndi zimene mai anena za LL-37, wina asasakanize. Pa colistin, mabungwe oika malamulo a kayezedwe ka mankhwala, EUCAST ndi CLSI, anagwirizana pa broth microdilution mu Mueller-Hinton yokonzedwa ma cation, mbale ya polystyrene wamba, popanda polysorbate-80 kapena chowonjezera china, ndipo ufa ukhale colistin sulfate osati colistimethate wobayira odwala, amene sagwira ntchito mpaka atasweka m'thupi. Inde mankhwala ena amamatira pa mbale, koma malire a 2 mg pa lita anaikidwa ndi njira imeneyo. Disiki ndi gradient strip n'zosadalirika, molekyu ndi yaikulu ndipo siyenda bwino mu agar, kachilombo kosamva kamaoneka ngati kakumva. Pa QC, kutsimikizira kuti kuyeza kukulondola, muike E. coli NCTC 13846, wa mcr-1, pambali pa ATCC 25922. Proteus, Serratia, Morganella ndi Providencia musavutike nawo, samva colistin chibadwire.

Kodi wosamva colistin ndiye kuti samvanso LL-37? Musafulumire. Mwa Acinetobacter zinaonekapo kuti kusamva colistin kumayendera limodzi ndi kupirira LL-37 ndi lysozyme, koma pa mcr-1 ma labu apeza zosiyanasiyana. Chifukwa chake n'chomveka: polymyxin imadalira kwambiri ma phosphate a lipid A, pamene LL-37 ndi yaitali, imagwira malo ambiri, ndipo kuthinana kwa michira ya mafuta kumaikhudza mofanana ndi chaji. Ichi ndi chifukwa china choyesera ziwirizi pa mbale imodzi.

Kolera nayenso ali m'nkhaniyi. Kale posiyanitsa mitundu iwiri ya kachilombo kake, El Tor ndi classical, ankagwiritsa ntchito disiki ya polymyxin B ya mayunitsi 50: El Tor samva, classical amamva. Chinsinsi chake ndi ma gene a almEFG, amene amamata glycine pa lipid A molamulidwa ndi alonda otchedwa VprAB kapena CarRS. Mwa classical njirayi inathyoka. Koma El Tor wa mliri wa ku Yemen anapezeka kuti akumva polymyxin chifukwa cha kusintha kwa VprA, ndiye disiki ija payokha sikutsimikiziranso biotype.

aphunzitsi_micro

Zimene anena mai za kutsuka musanathire peptide, a mwanalabu, muzilembe pakhoma pa benchi yanu.

Ndiwonjezere ziwiri zokhudza D23580 yekha, poti mufunika ma mutant. Kachilomboka kali ndi plasmid ya pSLT-BT yokana ampicillin, chloramphenicol, streptomycin, sulfonamide ndi trimethoprim. Ndiye zida zochotsera gene za lambda Red zimene ma labu ambiri amasunga, pKD46 ya ampicillin ndi pKD3 ya chloramphenicol, sizikuthandizani. Mbale idzamera yonse n'kuganiza kuti zatheka. Tengani kaseti ya kanamycin ya pKD4, ndi plasmid ya recombinase yosankhidwa ndi tetracycline ngati pSIM5-tet. Mutant aliyense mumubwezere gene yake kuti mutsimikize kuti chimene mukuona chachokera pamenepo. Woyerekeza naye wa ST19 akhale 4/74, poti ndi amene ntchito zambiri za D23580 zinayerekezedwa naye.

Chachiwiri, musaike D23580 ndi 4/74 mu chubu chimodzi pofuna kupulumutsa peptide. D23580 ali ndi prophage, vairasi ya bakiteriya (phage) yogona mu DNA yake, yotchedwa BTP1 imene imadzuka yokha, ndipo culture ya usiku umodzi imakhala ndi ma phage ofika cha m'ma 10^9 pa mL. Ma phage amenewa savulaza D23580 mwiniwake, koma amapha 4/74. ST19 adzatha mu chubumo ndipo mudzaitamanda LL-37 pa ntchito ya phage. Machubu osiyana, ma tip a fyuluta, ndipo pa mbale ya mabowo 96 siyani mzere wopanda kanthu pakati pa awiriwo.